Vinyo pa Tebulo Lositira

Sindinamvetse konse chimene wosita zovala uja ankanunkhiza mu vinyo wofiira wa m'katoni. Ankangomwa kapu imodzi Loweruka, koma asanamwe ankaisiya pa tebulo lositira, ati fungo liyambe latuluka.

Mlamu wake, mwini shopu imene ankasitiramo zovala za anthu, anamuchenjeza mpaka kutopa.

"Alamu, vinyo wotchipa ngati sopoyu mukumupatsa ulemu wanji? Imwani muchotse kapuyo, ntchito idzakutherani!"

"Ameneyu safuna phuma, alamu."

Loweruka lina, akuzunguza kapu pafupi ndi mphuno, vinyo anakhavukira pa diresi la mkwatibwi. Mlamuyo anangogwira kumutu, n'kumulozera khomo.

Wositayo analawa kotsalako pang'onopang'ono, nati, "Lero ndiye wakoma bwanji!" Anapanira katoni yake m'khwapa n'kutuluka. Kumene analowera, ngakhale mkazi wake sadziwa.