Kanjoka Kakuda ndi Chala Changa

Chinayamba ndi kutentha pa chala chachikulu cha dzanja lamanja, ngati ndagwira khala la moto. Kabala kake kanali kamodzi, kakang'ono kwambiri. Ine ndine telala, ndipo zaka zimenezo, tikuyenda ndi khadi la chipani m'thumba, ndinkasokera pakhonde la sitolo pa Ulongwe. Munthu wozolowera kubayidwa ndi singano, kabala kotero sikanandiopse.

Unali m'mawa, mvula yoyamba itagwa dzulo lake. Pansi pa mtondo kuseri kwa nyumba ndinapeza kanjoka kakuda konyezimira. Akazi anga, Abiti Saidi, anabwera ndi mpini koma ndinawaletsa, poti ine ndinkati ndi nthongo. Kwathu nthongo sitipha chifukwa siluma, timangoitola n'kukaisiya kumunda. Komanso ndinkafunitsitsa kuona ngati n'zoona kuti ili ndi mitu iwiri. Ndinakagwira pakhosi bwinobwino. Sikanayasamule n'komwe, kanangopotoza mutu, dzino n'kutulukira m'mbali mwa kamwa n'kundibaya pachala.

Pofika masana dzanja linali litatupa mpaka m'chigongono. Amalume ananditema mphini kuzungulira bala n'kupakamo mankhwala akuda, ine n'kumati mawa ndidzuka bwino. M'malo mwake panatuluka matuza, thupi linatentha, nsonga ya chala inada n'kuyamba kununkha. Apo mantha anandigwira, chifukwa telala wopanda chala chachikulu sagwira sizasi.

Abiti Saidi anati, "Iyayi bambo, zamphinizi zakwana. Chikathothoka chimenecho mudzasoka ndi chiyani?"

Tinakwera basi ya ku Balaka. Pa benchi ya chipatala tinadikira mpaka dzuwa kupendeka, ndipo m'pamene ndinadziwa kuti mayiwa anakapha kanjoka kaja n'kukasunga m'botolo la palafini. Adokotala analiyang'ana botololo nthawi yaitali kuposa dzanja langa. Ngakhale ndinali ndi ululu, nanenso ndinasuzumira. Anandionetsa timaso ting'onoting'ono, kenako anakatsegula kukamwa ndi kachitsulo. Mano anali aatali, ogona chakumbuyo.

"Iyi si nthongo, achimwene, kungoti zimafanana kwambiri," anatero. "Imakhala m'dothi, imatuluka mvula ikagwa, ndipo palibe pabwino poigwira."

Anandiuzanso kuti mphini zija zinalowetsa dothi m'bala, ndipo za chalacho sakanalonjeza kanthu. Anandigoneka. M'mawa uliwonse anamwino ankatsuka bala, kuchotsa mnofu wakufa, n'kundibaya jakisoni. Mkono unkakhala wopachika m'mwamba ndi nsalu. Chovuta kwambiri chinali kudikira tsiku loti adokotala anene ngati adula chala chonse. Ndinkadzisangalatsa pofunsa odwala anzanga za njoka za kwawo. Bambo wina wa ku Chikweo, wolumidwa ndi mphiri m'munda wa thonje, anafika kuchipatala tsiku lomwelo limene analumidwa, ndipo anatuluka ine ndikadali pabedi.

Anadula nsonga yokha, mpaka pa mfundo yoyamba. Ndinalira, koma kunali kulira kothokoza.

Lero ndili bwino. Njoka sindinadane nazo, ndipo sindipha iliyonse imene ndaiona. Ndimaiyang'ana ndili patali, ikakhala pafupi ndi khomo ndimaikankha ndi ndodo yaitali. Koma musamagwire njoka ndi manja, ngakhale mukuganiza kuti mukuidziwa dzina. Ikakulumani, musatemepo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Sizasi ndinaphunziranso kugwira, makina ndimapalasabe, koma mpaka pano ndikafuna kusokerera batani ndimayamba ndapempha munthu kuti andilowetsere ulusi pa singano.