Mkazi Amene Anabisala Pakati pa Nsomba

Kwathu ku Vardø, kumpoto kwenikweni kwa Norway, munthu sadabwa ndi fungo la nsomba. Limakhala m'zovala, m'tsitsi, m'mipando ya galimoto. N'chifukwa chake Solfrid anakhala pakati pathu mpaka imvi kuyamba kumera, ife osadziwa kuti mnzathuyo amadzuka ndi mantha ndi kugona nawo.

Ine ndine Gunvor. Ndinkaima naye pa tebulo limodzi lochekerapo nsomba m'fakitale ya kudoko kuyambira tili atsikana. Anali mkazi wamtali, wa manja akuluakulu, wosayankhulayankhula. Ankafika tonse tisanafike, ndipo poweruka sankalowa nafe m'chipinda chosinthiramo zovala. Kusitolo ankapita ali chivalire ovolosi ndi jombo zake, mamba a nsomba ali mbee m'mikono. Kuukwati sankabwera, kutchalitchi sankalowa, basi sankakwera. Ena ankati ngonyada, ena ankati ngoumira.

Oddvar, amene ankayendetsa kagalimoto konyamula mabokosi, ndiye ankakonda kumuselewula.

"Iwe Solfrid, ovolosiyo unabadwa nayo kodi? Tsiku lomwe udzavule, ine ndidzasiya mowa!"

"Ndiye ndisavule," ankayankha choncho. "Ukasiya mowa mkazi wako adzakuona bwinobwino, n'kukuthawa."

Tinkaseka, Solfrid nayenso n'kuseka. Palibe amene ankaona kuti akuseka maso ali pa mphuno zathu.

Za ubwana wake anadzandiuza yekha pambuyo pake. Fungolo linayamba atatha msinkhu. Bambo ake ankagwira ntchito ku positi, m'nyumba mwawo munalibe msodzi woti n'kunamizira, koma mwana ankanunkha ngati nsomba yogonera. Kusukulu anzake ankakhwekhwereza mipando kumutalikira, aphunzitsi n'kumukhazika pafupi ndi zenera lotsekula, kunja chipale chofewa chikugwa. Mayi ake ankamukhula ndi burashi mpaka khungu kufiira, uku akulira.

"Mwana iwe, anthu aziti sindikusambitsa! Ukufuna kundichititsa manyazi mpaka liti?"

Choopsa kwambiri chinali chakuti iye mwini fungolo sankalimva. Tsiku lina linkakhalapo, tsiku lina ayi, ndipo analibe njira yodziwira. Anaphunzira kuwerenga nkhope za anthu. Munthu akatsokomola, akakanda mphuno, akangosuntha pang'ono, mtima wake unkagunda, thukuta n'kuyamba, ndipo thukutalo linkawonjezera fungo lija.

Atangomaliza sukulu anakalowa ntchito m'fakitale. Anandiuza kuti tsiku loyamba, atalowa m'chipinda chodzaza matumbo ndi mitu ya nsomba, anapuma ngati munthu wotula katundu. Mmenemo aliyense ankanunkha. Anabisala mmenemo zaka zoposa makumi atatu.

Kenaka fakitale inatsekedwa. Nsomba zinayamba kutumizidwa kunja zosacheka, ndipo ife amipeni tinalibenso ntchito. Ine ndi Solfrid tinapeza malo kunyumba yosungirako okalamba, ine kukhitchini, iye koyala mabedi ndi kuchapa. Ndinakondwera, ndinapita kukamuuza kuti tikhalanso limodzi. Ndinamupeza atakhala pa sitepe, nkhope ili mbuu.

"Kumeneko kulibe nsomba, Gunvor," anatero.

"Si ndiye bwino? Tipumeko."

Anadzuka n'kulowa m'nyumba.

Patapita masabata angapo, fungo la fakitale linatha m'tsitsi mwanga ndi m'zovala zanga. Mwamuna wanga mpaka anati wapeza mkazi watsopano. Koma tsiku lina tikumwa khofi m'kachipinda kopumira, ndinamva fungo lija, lolemera, litasakanikirana ndi la perefyumu. Ndinayang'ana mbale zathu, ndinayang'ana m'bini. Nditatukula mutu ndinapeza Solfrid akundiyang'anitsitsa. Ndinayamba msanga nkhani ya nyengo, koma anali ataona kale.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuona zimene sindinkaona. Ankasamba asanabwere, ankasambanso masana, n'kumadzithira mafuta onunkhira mpaka okalamba kuyetsemula. Pansi pa yunifolomu ankavala zovala zingapo za nayiloni zothina, poganiza kuti atsekera fungolo mkati, koma zinkangomutulutsa thukuta. Akamayenda m'khonde ankakhudza khoma, kuti asayandikane ndi munthu.

Zinaphulika m'mawa wina m'chipinda chodyera. Munali nkhalamba ina, Halfdan, msodzi wakale amene nzeru zinali zitayamba kumuthawa. Solfrid akumukonzera pilo pa mpando, mkuluyo ananunkhiza, n'kukuwa ndi mawu ake a panyanja.

"Ndani wasiya nsomba padzuwa? Yawola imeneyo, anyamata! Iponyeni m'madzi!"

 Supuni zonse m'chipindamo zinaima. Solfrid anaima chilili, pilo ali m'manja, khosi lake likufiira. Masana ake Torhild, mkulu wathu pantchito, anamuitanira mu ofesi. Anayankhula naye mwaulemu ndithu, kumufunsa ngati kunyumba kuli vuto la madzi kapena makina ochapira. Solfrid anatuluka, anatenga jekete lake, ndipo mawa lake sanabwere. Mkuja wakenso sanabwere. Foni inkangoitana.

Inali nyengo imene kuno kumpoto dzuwa sililowa ngakhale usiku. Ndinapita kunyumba kwake nditaweruka, ndinapeza makatani onse ali otseka, mbalame za kunyanja zikulira padenga. Ndinagogoda, zii. Ndinaika mphuno pa kabowo ka pachitseko ndipo fungo lobaya la mankhwala otsukira zimbudzi linandilowa mpaka m'maso.  Ndinaganiza kuti wamwa mankhwalawo.

"Solfrid! Tsegula, apo ayi ndikuitana apolisi athyole!"

Patapita nthawi loko anatembenuka. Anaima mumdima, atavala chijuzi cha malemu bambo ake. Nditamugwira mkono anakuwa. Ndinakwinya chijuzicho pang'onopang'ono. Khungu linali lofiira, lotupa, malo ena litasupuka likutuluka madzi. M'khwapa ndiye sindinathe kuyang'ana kawiri. Anali akusamba ndi mankhwala aja.

"Wachita chiyani, mwana wa amayi?"

"Fungoli silikuchoka," ananong'ona. "Ndiye kuti silili pakhungu. Lili mkati. Ndikuwola, Gunvor. Ndakhala ndikuwola kuyambira ndili mwana, tsopano zikufika kumapeto."

Mayi ake anamwalira ndi khansa ya m'mimba, ndipo Solfrid ndiye anawadwazika. Ankakumbukira fungo la chipinda chawo masiku omaliza. Ankati chimene chinadya mayi ake chili mwa iye.

Kenaka anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Sindinafunsepo munthu. Ndiuze zoona. Panopa ndikununkha?"

 Ndinafuna kunama, koma maso akewo sakanalola.

"Ee," ndinatero. "Ukununkha nsomba."

Sanalire. Anangogwedeza mutu ngati munthu amene wamva chigamulo chimene ankachiyembekezera.

Kuti alole kupita kuchipatala ndinachita kumuopseza kuti zilondazo zilowa m'magazi. M'chipinda chodikirira anakana kulowa. Anaima panja, mphepo ya kunyanja ikumuomba, ine ndili mkati kumvetsera dzina lake. Dokotala anali mayi wachitsikana, Ragna, wongobwera kumene. Anatsuka zilonda, anazimanga, kenaka anakoka mpando n'kukhala pafupi kwambiri ndi Solfrid, amene anayamba kusunthira kukhoma.

"Khalani pomwepo, palibe chimene ndikuthawa," anatero Ragna. "Ndiuzeni, fungoli limakula nthawi ziti?"

"Sindilimva. Ndimangoona anthu."

"Chabwino. Anthuwo mumawaona kwambiri nthawi ziti?"

Solfrid anaganiza. Anati akakhala kumwezi. Akachita mantha. Ndiponso kumapeto kwa nyengo yozizira, pamene tonse timadya nsomba zikuluzikulu zobwera nthawi imeneyo pamodzi ndi chiwindi chake ndi mazira ake.

Ragna anafotokoza kuti fungo wamba la thupi limabwera thukuta likakumana ndi tizilombo ta pakhungu, ndipo limenelo sopo, zovala zochapa ndi kuuma bwino m'khwapa zimalithetsa. Koma fungo lokana madzi nthawi zina limachokera mkati: shuga, impso, chiwindi. Anati ayambe ayeza zimenezo. Solfrid atangomva mawu akuti mkati, milomo yake inayera.

Magazi anatuluka abwino. Ine ndinasangalala, Solfrid ayi. Ankati chinthucho chabisala mozama. Ndiye Ragna anamuuza kuti adye nsomba yambiri, mawa lake apereke mkodzo woti utumizidwe kumwera kwa dziko kukayezedwa. Zotsatira zinachedwa. Masabata amenewo sindidzawaiwala. Solfrid anawonda, maso analowa. Anandipatsa makapu a mayi ake. Anandiuza nyimbo zimene ankafuna pamaliro ake, n'kuwonjezera kuti bokosi lisadzatsekulidwe, anthu angadzamve. Foni ikalira m'nyumba mwake, tonse awiri tinkadzidzimuka. Inenso ndinayamba kukhulupirira kuti mnzanga akupita, ndipo ndikamamukumbatira ndinkamva nthiti zokhazokha.

Tsiku lotiitana, anaima pakhomo la chipatala, kukana kulowa. Ndinachita kumukoka.

"Simukuwola," anatero Ragna tisanakhale n'komwe. "Simukufanso. Munabadwa nazo."

Anatchula dzina la matendawo, lalitali loluma lilime. Anati zakudya zina zikagayika m'mimba zimatulutsa kanthu konunkha ngati nsomba. Mwa anthu ambiri chiwindi chimakasandutsa kopanda fungo, koma cha Solfrid sichitha, ndiye kanthuko kamatulukira m'thukuta, mu mpweya ndi mu mkodzo.

"Ndiye si uve?" anafunsa Solfrid.

"Si uve. Mukanasamba mpaka khungu kutha, sizikanasintha."

"Mankhwala ake alipo?"

"Ochiritsiratu palibe. Koma tingalichepetse."

Solfrid anaphimba nkhope. "Amayi anamwalira akuganiza kuti analephera kundisambitsa," anatero.

Zimene Ragna anamuuza kuti azichita zinali zovuta kwa munthu wa kuno. Nsomba za m'nyanja yamchere asiye. Mazira, chiwindi, nyemba ndi nsawawa achepetse kwambiri, kabichi adye mosamala, koma asadzimane chakudya mwa yekha, katswiri wa zakudya amuthandize. Sopo waukali ataye, azisamba ndi wofewa wosawononga khungu, osakhula. Nayiloni avule, azivala thonje ndi ubweya wopepuka, kusintha akatuluka thukuta. Perefyumu wambiri asiye chifukwa amangowonjezera. Ndipo ayesetse kuchepetsa mantha.

"Zinazo ndichita," anatero Solfrid. "Chomalizacho sindidziwa poyambira."

Ananena zoona. Anabwerera kuntchito zilonda zitapola, atamufotokozera Torhild zonse. Fungo linachepa ndithu, masiku ambiri palibe chimene ndinkamva. Koma mantha a zaka zonse zija sanachoke ndi chakudya. M'mawa uliwonse amabwera kukhitchini, n'kuima pafupi nane ngati akufuna supuni.

"Lero bwanji?"

"Uli bwino." Kapena, "Pang'ono, kasinthe malaya." Tinapangana kuti sindidzamunamiza, ndipo akuti chimenecho ndicho chimamugwira kuti asagwe.

Chaka chatha katswiri wa zakudya anamuitana kutauni ya Kirkenes, ine ndinali ndi chimfine, sindikanatha kumuperekeza. Anakwera basi yekha, ulendo wa maola ambiri, mawindo otseka, chotenthetsera chikupuma. Anandiuza kuti ali pakati pa njira, mayi amene anakhala naye pampando ananyamuka n'kukakhala kutsogolo. Mwina ankafuna kuona msewu, mwina ayi, Solfrid sadzadziwa. Thukuta linayamba, makutu analira, dzanja lake linafika pa belu loimitsira basi. Kunja kunali chipale chofewa chokhachokha, popanda nyumba ngakhale imodzi, koma akuti anaona kuti kuli bwino kutsika n'kufera mmenemo.

Belulo sanalize. Anakhala chigwirire chitsulo cha mpando mpaka basi inafika. Anaonana ndi katswiri uja, anagula nsapato zatsopano, ndipo madzulo anakweranso basi yomweyo kubwerera.