Mazira m'manja mwa Buda

Ku Kawale, kuseri kwa nyumba yathu, kunali kanyumba ka lendi. Zaka zomwe matipate ankangoyamba kumene, munkakhala bambo Chimbalanga, mmisiri wosema ziboliboli wochokera ku Dedza. Mwana wawo Tiyanjane anali mnzanga wa ponda apa nane m'pondepo. Ndikukumbukirabe fungo la m'bawa ndi polishi wa nsapato pakhonde pawo.

Njovu ndi ng'ona zomwe ankasema sizinkavuta munthu. Mlandu unabwera ndi oda ya mkulu wina wa ku Sri Lanka: chiboliboli cha munthu wokhala chopinda miyendo, makutu ataliatali, maso otsinzina, manja atawasanjikiza pamiyendo ngati kambale. Ankati dzina lake ndi Buda. Atachiika pansi pa mpapaya kuti polishi aume, anthu anagwidwa nthumanzi. Azimayi analeka kudutsira pamenepo popita kumpope, ena n'kumati chimatsegula maso ukachifulatira. Mayi anga, a mvano enieni, anagamula: "Fano pakhomo panga ayi. Mwezi ukatha musamuke."

"Amayi, uwu ndi mtengo chabe," anadandaula bambo Chimbalanga. "Mwini wake akuti munthuyu ankaphunzitsa kuti mantha amakhala mumtima mwa woyang'anayo." Mayi anangoti, "Mukafotokozere landilodi winayo."

Zinandiwawa kwambiri. Tiyanjane achoke chifukwa cha chikuni chongogona tulo?

Masiku amenewo thadzi la mayi linkaikira mobisa, ndipo iwo anali atasakasaka mpaka kunamizira agalu a eni. Ine ndinkapadziwa, panali kuseri kwa bafa. M'mawa wina ndinatola mazirawo ndi timaudzu, n'kukawayala m'manja mwa Buda. Ndisaname, ndinayamba ndachipepesa chibolibolicho. Kenaka ndinakuwa, "Amayi, mazira aja ndi awa!"

Anabwera chothamanga, n'kuima chapatali. Ayang'ane nkhope, ayang'ane mazira. Atandituma ndinati ndikuopa. Anayesa kukokera ndi chipande, dzira limodzi linatsala pang'ono kugwa. Pamapeto pake anamangitsa chitenje, n'kuyamba nyimbo ya kwaya chapansipansi, n'kusendera. Poti chibolibolicho chinali chachifupi, anachita kugwada, azimayi a kumpope akuonerera ndowa zili pamutu.

"Iii, amvano agwadira fano!" anatero mmodzi, ndipo onse anafa nacho chiseko.

Mayi anatola mazira mmodzimmodzi, kenaka anagogoda Buda pamutu, go go go. "Koma ndi m'bawa weniweni uwu. A Chimbalanga, bwenzi mutandisemera mpando." Nkhani yosamuka inathera pomwepo.

Lero ku Kawale n'mipanda ya njerwa yokhayokha, ndipo ana amaonera zoopsa pafoni osaphethira n'komwe. Mpando uja ulipobe. Mayi akakhalapo amauza alendo kuti pakhomo ponse wolimba mtima anali thadzi lija, ndipo ine ndi Tiyanjane sitinawatsutsepo.