Moto Woyamba Suwerengedwa

Aneba anga, amene kale ankakonza mawotchi, salola munthu kukhudza kaliwo wawo. Manja awo masiku ano amanjenjemera, koma fodya wonyenya kale amamukana. "Zotafunidwa kale n'za makanda," amatero. Wawo amabwera m'kachitini, timagawo topyapyala topanikizidwa zolimba. Amatenga kamodzi, n'kukafikisa m'manja, n'kukayanika pambale kuti kaumeko. Pothira m'kaliwo, pansi amangowaza, pamwamba ndi pamene amatsendera ndi chala.

Mwana wawo wamkazi wakhala akuwaumiriza kuti asamukire kwake, poopa kuti adzawotcha nyumba. Iwo anamuuza kuti tsiku limene adzalephere kuyatsa kaliwo okha, iye adzabwere ndi galimoto kudzawatenga.

Loweruka lina mwanayo anabweradi nayo, n'kukhala pakhonde maso ali pamanja a bambo ake. Ine ndinkasuzumira pampanda. Fodya wina anatayikira pathalauza. Timitengo tiwiri ta machesi tinathyoka. Kachitatu kanayaka, fodya anafufuma, kautsi kanatuluka, moto n'kuzima.

"Mwaonatu, bambo, wazima. Ndikalongedze zovala?"

"Takhala pansi, iwe. Unakulira m'nyumba mwanga osaona zimenezi? Moto woyamba ndi wongodzutsa fodya. Umazimira wina aliyense."

Anatsendera phulusa mofatsa, n'kukhwecha machesi ena, n'kuyendetsa lawilo mozungulira uku akukoka pang'onopang'ono. Utsi unakwera wambiri, osadukiza. Anauuzira kumbali kuti usamufike mwanayo, kenako analoza kumsewu ndi kaliwo.

"Galimotoyo udzabwere nayo ndikadzalephera wachiwiri."