Mng'alu umene Rodel anaupeza ndi choko

Rodel atatuluka m'chipatala mwendo wakumanja ataudula, ife anzake oyendetsa majipini, timabasi tonyamula anthu ku Iloilo, tinkangomuponyera ndudu pasiteji n'kuyang'ana kumbali. Dalaivala wopanda mwendo wopondera buleki, ndani angamupatse kiyi? Mkazi wake anali atayamba kale kumanga katundu kuti banja libwerere kumudzi, ana asiye sukulu.

Tsiku lina Mayi Consolacion, eni galaja yokonza mahedi, zitsulo zovindikira injini pamwamba, anaima patsogolo pake.

"Rodel, adokotala aja anadula ndi manja omwe?"

"Ayi, mayi."

"Nanga wakhaliranji ngati nkhuku yonyowa? Mawa ubwere. Ntchito yanga ndi yokhala pansi."

Kunena zoona, munthuyu anali wopupuluma, matenda athu madalaivala. Hedi yoyamba anangoitsuka, n'kugoneka lula yachitsulo pamwamba kuona ngati yapindika, n'kuti ili bwino. Jipini imene anaikamo hediyo inakawira pachitunda, anthu n'kutsika akutukwana.

Tonse tinati basi, wadzitayira yekha mwayi. Koma mayiwo sanamuthamangitse. Anamubwezera hedi yomweyo patebulo.

"Iviike m'palafini, uipukute, uipake choko. Ukatero manja m'thumba. Ukalephera kudikira, pagalaja pano si pako."

Anadikira, thukuta lili kamukamu. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Pang'onopang'ono pachokopo panatuluka kamzere konyowa pakati pa mavalavu. Unali mng'alu woonda ngati tsitsi, palafini akuchucha m'menemo.

"Mayi, ndauona! Ndiye tiitaye?"

"Kutaya? Iwe, pano sititaya. Tiwotcherera, tiipala, ibwerera pamsewu."

Rodel amati mawu amenewo anawamva ngati akunena za iye, ndipo analira osachita manyazi.

Katundu uja anamasulidwa, ana ali pasukulu. Lero mahedi athu tonse amadutsa m'manja mwake, ndipo yanga chiikonzereni sinawirepo. Ukamufulumizitsa amangokulozera benchi: "Achimwene, khalani pansi, palafini sathamanga." Lamlungu akaweruka ku Misa amawapititsira mayi aja mango. Iwo amakalipa kuti mango awakola, iye osasiya.

Inenso ndimawathokoza mayiwo, chifukwa ife tinkaona mwendo umene unapita, iwo anaona manja amene anatsala.

Inu amene mwang'aluka penapake, musafulumire kudziponya kudzala. Osataya mtima, pamsewu mudzabwererapo.