Mpendero wa Diresi Yachikasu

Mng'ono wanga atamwalira ku Chikwa, ndinabwera naye mwana wake wamkazi ku boma la Chama, kumene mwamuna wanga ankaphunzitsa. Bambo a mwanayo anali atatsogola kale ndi matenda omwewo, amene masiku amenewo sitinkawatchula dzina. Mwanayo anali ndi zaka zinayi, msinkhu umodzi ndi mwana wanga wamwamuna, ndipo kuyambira tsiku loyamba ankanditcha amama.

Ndinali ndi makina osokera opukusa ndi dzanja, ndipo ndinkakhala nawo pakhonde la sitolo ina kumsika. Anthu ankagula salaula, zovala zakale zochokera kunja, n'kubwera nazo kuti ndichepetse kapena kudula. Koma mtsikanayu ankadwaladwala, zilonda za m'kamwa zikapola kumabwera kutsegula m'mimba. Ndinasamutsa makinawo n'kuwaika pansi pa mtengo wa mango kunyumba. Anthu ambiri sananditsatire. Ndinatsala ndi ana awiri aja, akusewera ndi tizidutswa ta nsalu pamapazi anga.

Belo yatsopano ya salaula ikatsegulidwa, lole itafika kuchokera ku Lundazi, ndinkapita nawo onse awiri. Tsiku lina mtsikanayo analowetsa dzanja m'mulu wa zovala n'kusolola diresi yachikasu ya timaluwa toyera. Inali ya mwana wamkulu ndithu.

"Iyi ikumeza, mwana iwe," anatero mayi wogulitsa, akuseka. "Mungalowemo awiri ndi mlongo wakoyu."

"Adzakuliramo," ndinayankha.

Ndi mmene tonse tinkagulira. Palibe mayi ankagulira mwana chovala chomukwana lero. Unkatenga chachikulu, n'kupinda mpendero wautali mkati, ndipo chaka chilichonse n'kumamasula pang'ono. Ndinaupinda kawiri, ndi dzanja, ndikukumbukira mayi uja wa m'Malemba amene ankasokera mwana wake kamwinjiro chaka ndi chaka n'kukamupatsa ku nyumba ya Mulungu. Posoka ndinapemphera kuti Ambuye andilole kumasula ulusi wonsewo ndi manja anga omwewa.

Khirisimasi itayandikira, ndinamasula kabudula wa mnyamata wanga, chifukwa anali atamuthina. Mtsikanayo anaima pafupi atanyamula diresi yake.

"Amama, yanga liti?"

Ndinamuveka. Inali pomwe ndinaisiya, pansi pa mawondo.

"Chaka chamawa," ndinatero.

"Iwe sukula chifukwa umasiya phala," mnyamatayo anamuseka. Iye anamuponyera chitsononkho, ndipo ndinawakalipira onse awiri.

Phalalo ankayesa. Ndinkamuphikira la mpunga wathu wa kuno, lothira nsinjiro, iye n'kumeza masipuni angapo kuti andikondweretse. Chaka chotsatira sindinamasule kanthu. M'malo mwake ndinachepetsa diresiyo m'mapewa, chifukwa inkagwa. Ndinasoka iye ali kuchipatala ndi mwamuna wanga, kuti asaone. Mawu aja akuti palibe munthu angawonjezere msinkhu wake pakuda nkhawa ndinkawadziwa kuyambira ubwana, koma ndinawamva kulemera kwake pamene singano inkalowa m'nsalu imeneyo.

M'chilimwe, nthawi imene kutentha kwa m'chigwa kumaumitsa ngakhale malovu, analeka kusewera. Ankagona pamphasa pambali pa makina, akuyang'ana gudumu likuzungulira. Nthawi zina ndinkamulola kugwira chopukusira, dzanja langa lili pamwamba pa lake. Mnyamata wanga analeka kumuseka. Ankamusankhira tizidutswa tofiira n'kumuunjikira pafupi ndi mutu.

Masana ena anati, "Amama, masulani mpendero uja manje, lero lomwe."

"Ikhala yaitali, mwanangu. Uzipunthwa nayo."

"Sindiyenda kale. Masulani."

Ndinakhala ndi lumo m'manja kwa nthawi. Mpenderowo unali pemphero langa, ndipo kuumasula mwana asanakule kunali kuvomera yankho limene sindinkalifuna. Koma diresiyo inali yake, osati yanga. Ndinadula ulusi, ndinamasula mapindo onse awiri. Nsalu ya mkatimo inali yowala ngati tsiku limene tinaigula, pamene ya pamwamba inali itafwifwa ndi dzuwa ndi sopo.

Tinamuimiritsa, ine mbali iyi, mnyamatayo mbali inayo. Diresiyo inafika pansi n'kuphimba zala za kumapazi. Anawerama, nayang'ana chikasu chatsopanocho.

"Onani, amama, maluwa ena anabisala," anatero.

Anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Amayi a kumpingo amene anabwera kudzamusambitsa anafunsa chomuveka, ndipo ndinawapatsa diresiyo. Mmodzi anati ndi yaitali, ndiipinde msanga. Ndinakana.

Ndimakhulupirira kuuka kwa akufa, ndipo sindinalekepo kukhulupirira. Mulungu amapatsa, Mulungu amatenga. Koma kuyambira chaka chimenecho, mayi akabwera ndi diresi ya salaula n'kunena kuti ndipinde kawiri, mwana adzakuliramo, ndimayamba ndamuyang'ana mwanayo m'mikono ndi m'khosi. Kenako ndimapinda monga wanenera.