Limba la Roy Tibbs

Clive Haddow sanaimbepo chida chilichonse moyo wake wonse. Yake inali ntchito yonyamula. Kuyambira 1971 mpaka 1975 ankayendetsa vani ya gulu loimba la Marlow Fen, anyamata asanu a ku Faversham, ku England, omwe nyimbo yawo imodzi inkatha mphindi makumi awiri, anthu n'kumamvetsera atakhala pansi m'malo movina. Chida cholemera koposa chinali limba la Roy Tibbs, mnzake wa ku pulayimale. Limbalo ndi lomwe linamupweteka Clive msana pa masitepe a holo ina ku Leeds, koma sanadandaulepo, chifukwa Roy akaligwira, ngakhale ogulitsa mowa ankasiya kuthira.

Chimbale chawo chachiwiri, cha 1973, ndi chomwe anthu amachikumbukira. Mbali yake ina yonse ndi nyimbo imodzi, ndipo Clive anaiona ikupekedwa m'khitchini mwa mayi ake a Roy. Koma pachikuto panalembedwa kuti woipeka ndi Julian Pask, wagitala, mtsogoleri wa gululo. Roy anangoseka. Gulu litatha anayamba ntchito yogawa makalata, ndipo anamwalira mu 1998 asanagwirenso limba.

Situdiyo yomwe anajambulirako chimbalecho itatsekedwa mu 1983, eni ake anaunjika matepi panja kuti akatayidwe. Clive, yemwe tsopano ankayendetsa basi, atamva anathamangirako n'kutola mabokosi asanu ndi limodzi a Marlow Fen. Anawasunga musiling'i, atawakulunga bwino, ndipo chaka chilichonse ankakwera kukaona ngati chinyezi chalowa. Mkazi wake Maureen ankati matepiwo amasamalidwa kuposa iye.

Mu 2019 Julian anatulukira pakhomo, tsitsi la imvi atalimanga kumbuyo, pakhosi mpango wa silika ngakhale kunali kotentha.

"Clive, m'bale wanga. Sunasinthe."

"Ndasintha. Ndine wopindika. Ukufuna chiyani?"

Ankafuna matepi. Kampani ina inali itavomera kutulutsanso chimbalecho, mawu ake atawakonza ndi makina amakono kuti amveke bwino. Clive anamuthirira tiyi n'kumuuza chinthu chimodzi chokha: matepi atenge, koma pa nyimbo yaitali ija palembedwe dzina la Roy ngati woipeka.

"Zimenezo n'zosachita kufunsa," anatero Julian, dzanja lili pachifuwa.

Patatha miyezi isanu ndi itatu phukusi linafika m'mawa wa Loweruka. Clive anasamba m'manja asanalitsegule. Anayamba ndi kabuku ka m'kati. Pansi pa nyimbo ija panali dzina limodzi, la Julian Pask. Patsamba lachitatu Julian anafotokoza kuti matepi anawapeza yekha, atatayidwa m'nyumba ya munthu wina wakale wonyamula katundu, ali pafupi kuwola.

Kenako Clive anaika chimbale. Mawu analidi oyera, mpaka kumva mpweya wa woimba chitoliro. Koma pofika pamphindi yachisanu ndi chinayi, pomwe limba la Roy limatsala lokha n'kumakwera pang'onopang'ono, panamveka gitala. Limbalo analikankhira kumbuyo, likumveka ngati likuchokera m'nyumba yoyandikana nayo, ndipo pamwamba pake Julian anajambulirapo gitala watsopano.

Clive anazimitsa. Anaimirira n'kuyamba kuzungulirazungulira m'chipindamo.

"Khalani pansi, magazi akwera," anatero Maureen.

"Kumubera ali moyo sikunamukwanire. Wamutsatira mpaka kumanda."

Lachinayi masana Julian ankasayina zimbale m'sitolo ina ku Canterbury. Clive anakwera basi, nafola pamzere pamodzi ndi madala anzake amadazi onyamula zimbale m'majumbo. Anadikira ola lathunthu, msana ukumupweteka. Atafika patebulo anaponya kabuku kaja.

"Lemba dzina la Roy. Cholembera uli nacho m'manja."

Julian anamwetulira, maso ali kwa anthu. "Abale, uyu ndi Clive, ankatiyendetsera vani. Clive, tikambirane kumbali."

"Kumbali tinakambirana kale, m'khitchini mwanga, ukumwa tiyi wanga. Lero tikambirana pano. Nyimbo ija anaipeka ndani?"

"Tonse tinaikapo dzanja. N'zakale zimenezo."

"Iwe unali ku Brighton ndi mlongo wake wa wang'oma. Sabata ziwiri. Ndinakakutenga ndine. Unabwera nyimbo itatha kale, ndipo unavutika nayo mpaka Roy anachita kukulembera papepala poika zala."

Wina pamzere anaseka. Nkhope ya Julian inafiira.

"Limba lija linkasokosa, Clive. Makutu a anthu a lero ndi ena. Iwe zoimba ukuzidziwira kuti? Unali wonyamula katundu basi."

"Eya, wonyamula katundu. Ndinanyamula limba, ndinanyamula iwe utaledzera, ndanyamula matepi ako zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Owola ndi ati? Tchula bokosi limodzi lomwe unalipeza lonyowa."

Julian anatembenukira kwa mwini sitolo. Mwini sitolo anabwera n'kumugwira Clive pachigongono mwaulemu, namuperekeza pakhomo. Clive anatuluka akulankhulabe. Anthu atatu anachoka pamzere n'kumutsatira, ndipo mmodzi, mphunzitsi wopuma ntchito, analemba nkhani yonseyo m'kamagazini ka okonda nyimbo zamtunduwu.

Makalata odandaula anachuluka ku kampani ija. Posindikiza kachiwiri anamata kapepala kumbuyo kwa chikuto, konena kuti nyimboyo inapekedwa ndi J. Pask mothandizidwa ndi R. Tibbs. Gitala watsopano uja sanamuchotse. Matepinso sanabwezedwe, ati ali pamalo otetezeka.

Mwana wa Roy, Alison, anabwera kudzathokoza atanyamula keke.

"Amalume, mwachita zazikulu. Bambo akanasangalala."

"Bambo ako ankasangalala ndi chilichonse, ndiye vuto lawo linali limenelo," anayankha Clive. "Mothandizidwa. Ngati ankamugwirira makwerero."

Pano Clive ali ndi zaka 76. Mwezi uliwonse amalembera kampani ija kalata, ndipo Maureen amawerenga kaye n'kufufuta mawu otukwana asanaitumize. Kampaniyo inamuyankhapo kawiri. Julian anamutumizira khadi pa Khirisimasi, Clive analibweza osatsegula.